Chigamba Chachisanu ndi Chiwiri

Mutu 6

1. Mwala wauma

Mvula inaleka Lachitatu pa 11 Malichi, itagwa pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa milungu isanu ndi umodzi. Lachinayi ndi Lachisanu kunaomba mphepo youma yochokera kum'mawa. Pofika Loweruka pa 14, Miyala ya Tollhurst inali itauma koyamba chiyambire mwezi wa Januwale.

Lowerukalo linali tsiku la ntchito. Kanayi pachaka, anthu okwera miyalayi amasonkhana kuti akonze njira ndi kukwirira malo amene mapazi akumba. Ntchito imayamba 10 koloko. Koma Bryony Tapsell, mtsikana wa zaka 16, anadzutsa mchimwene wake Dominic nthawi itangokwana 6 koloko.

"Kwafa ndani?" anafunsa Dominic ali m'bulangete.

"Dzukani achimwene. Mwala wauma."

"Ukhala wouma ngakhale 10 koloko."

"10 koloko tikhala tikukankha wilibala. Dzukani, mwakalamba msanga bwanji?"

Dominic anali ndi zaka 19, ndipo ndiye ankaloledwa kuyendetsa galimoto ya mayi awo. Anafika kunkhalango kumene kuli miyalayo 7:40, aliyense atabereka matiresi kumsana.

Miyala ya Tollhurst si yaitali. Wautali kwambiri ndi wa mamita asanu. Sitimanga chingwe. Timayala matiresi pansi, mnzako n'kuima kumbuyo kwako manja ali m'mwamba, kuti ukagwa usamenyetse mutu. Mwala umene onse amaukonda timautcha Buledi chifukwa cha mmene unatukukira pamwamba. Mbali yake ya kum'mwera ili ndi njira zokwerera khumi ndi zinayi, iliyonse ndi dzina lake. Mwambo wathu ndi wakuti amene wayamba kukwera njira yatsopano ndiye amaitcha dzina, ndipo dzinalo limalembedwa m'buku pamodzi ndi lake ndi tsiku. Njira yomaliza inalembedwa m'chaka cha 2009.

Dominic anali ndi njira imene ankaifunitsitsa pa Buledi, yotchedwa Mpeni wa Batala. Anali atalimbana nayo zaka ziwiri, ndipo nthawi zonse ankagwa patatsala dzanja limodzi kuti afike pamwamba.

Bryony sankafuna njira ya eni. Mu Novembala anali ataona kanthu pakona ya mwalawo, pamene mbali ya kum'mawa imakhotera kumpoto. Pamtunda wa mamita awiri ndi theka panali kakhonde kopyapyala, kongokwana nsonga za zala. Kakhondeko kanali katakutidwa ndi zobiriwira. Palibe anali atakwerapo.

Mtsikanayu sanali wosasamala. Zonse zimene anaphunzitsidwa anazitsata. Anakhudza mwala ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati pali chinyezi. Anayala kachiguduli pansi, napukutirapo nsapato mpaka mchenga wonse unachoka. Burashi yake inali yofewa. Ndipo kuholo ya m'tauni, kumene anaphunzirira kukwera pakhoma lochita kupanga, mphunzitsi ankanena tsiku lililonse kuti, "Pogwira pakada, yeretsani. Musasiyire mnzanu litsiro."

"Achimwene, weramani," anatero.

"Ndine makwerero tsopano?"

"Makwerero salankhula."

Anaima pamapewa a Dominic nalowetsa chala m'mphepete mwa zobiriwirazo. Sanafunikire n'komwe burashi. Chinthu chonsecho chinasendeka kamodzi ngati chikopa, chachikulu ngati mbale yodyera. Anachiponya pansi pa chitsamba chaminga chimene chinali kuseri kwa mwalawo.

"Ndere yokhayokha," anatero akupukutira dzanja pabuluku.

Anayesa kasanu ndi katatu, nagwa kasanu ndi katatu. Ulendo wachisanu ndi chinayi zala zinagwira kakhonde kaja, chidendene chinakola pakona, ndipo nthawi ili 9:05 anali atakhala pamwamba pa Buledi akupumira m'mwamba.

"Uitcha chiyani?" anafuula Dominic.

"Dzukani Achimwene!"

"Mwano basi. Tsika."

Atatsika, anatenga burashi yofewa ija nasesa choko chonse choumitsira thukuta chimene manja ake anasiya pamwala, monga mmene lamulo limanenera. Sipanatsale chizindikiro chilichonse.

2. Mawu a bambo Funnell

Kuntchitoko kunabwera anthu khumi ndi mmodzi. Anaima mozungulira kanyumba kosungiramo zida, manja ali m'matumba chifukwa cha mphepo.

Bambo Derek Funnell anali ndi zaka 71. Kale ankakonza mapaipi a madzi, koma tsopano anali atapuma. Ndiwo ankasunga buku la njira ndi kiyi wa kanyumbako. Bondo lawo lamanzere silinkapinda bwino, choncho anakhala pamphepete mwa wilibala asanayambe kulankhula.

"Khumi ndi mmodzi," anatero. "Kale tinkabwera makumi anayi. Chabwino. Amene munamvapo kale, pirirani."

"Ulaliki wayamba," Dominic ananong'oneza mchemwali wake.

"Ndakumva, Tapsell. Makutu okha ndi amene sanandithawe."

Anthu anaseka pang'ono. A Funnell sanaseke.

"Mwala uwu si mwala ngati wa kumapiri. Ndi mchenga wogwirana. Chimene chimaugwira ndi khungu lakunja, lopyapyala ngati chikhadabo changachi. Khungulo likabooka, m'kati muli mchenga wokhawokha, ndipo umangoyoyoka chaka ndi chaka mpaka pogwira pasanduke dzenje. N'chifukwa chake mumapukuta nsapato. N'chifukwa chake simukwera mwala wonyowa. N'chifukwa chake ndikapeza munthu ndi burashi yawaya, ndimamuperekeza ndekha kugalimoto. Zimenezi mukuzidziwa.

"Tsopano mverani zina, chifukwa mayi Hoad a bungwe losamalira nkhalangoyi akubwera 2 koloko kudzawerenga kansalu. Pali ena pano amene sadziwa n'komwe kuti kansalu n'chiyani. Ndi kachomera. Kamaoneka ngati ndere, koma si ndere. Mukayang'anitsitsa muona timasamba topyapyala toti kuwala kumadutsa. Kamayala pamwala ngati nsalu, n'chifukwa chake ife timangoti kansalu. Kamamera pamthunzi, pachinyezi, m'malo owerengeka okha m'dera lino. Kuti chigamba chikule ngati chikhatho changa, pamapita zaka zoposa zanu ambiri a inu.

"Ndili mnyamata, zigamba zinalipo makumi awiri ndi zitatu. Namondwe wa mu Okutobala 1987 anagwetsa mitengo, mthunzi unachoka, dzuwa linapha khumi ndi zitatu. Zinatsala khumi. M'chaka cha 1991 munthu wina, wokwera ngati inu ndi ine, anapala chimodzi ndi burashi yawaya kuti apeze pogwira. Sanadziulule. Eni nkhalango anatseka miyala yonseyi. Zaka zitatu. Ine ndinkayenda mamailo makumi atatu kukapempha pokwera kwa eni ake, pomwe mwala wakwathu uli pano ndi waya pakhomo.

"M'chaka cha 1994 tinasainirana pangano. Ndinalisaina ndine, ndi dzanja ili. Likunena zinthu ziwiri. Choyamba, chigamba chikatayika ndi mvula kapena chisanu, palibe mlandu. Chachiwiri, chikatayika ndi dzanja la wokwera, mwala umenewo utsekedwa tsiku lomwelo, ndipo komiti yoyang'anira miyalayi ikhala pansi kuti ione ngati tikuyenera kupitiriza kukwera kuno. Pakomitiyo pali anthu amene akhala akudikira tsiku limenelo kwa zaka 21. Si anthu oipa. Amangokonda zomera kuposa ife, ndipo masiku ena ndimawamvetsa.

"Zigamba zilipo zisanu ndi zinayi, ndipo chilichonse chili ndi nambala. Malire ake tinaika zikhomo zofiira. Madzi a chaka chino akokolola zikhomo zitatu, ndizibwezera lero. Chimodzi ndi cha pakona ya Buledi, pamene pali chigamba chachisanu ndi chiwiri. Chili pamwamba, pakakhonde. Musayandikepo. Mwamva?"

"Tamva," anthu anayankha mosiyanasiyana.

Bryony anayang'ana buluku lake. Pantchafu panali mzere wobiriwira pamene anapukutira dzanja. Anaphimbapo ndi chikhatho.

Dominic anali atamvapo mawu amenewa kasanu, koma nthawi zonse ndi khutu limodzi. Tsopano anali atasiya kumwetulira.

3. Wilibala

Ntchito ya tsikulo inali yotuta tizidutswa ta mitengo kuchokera pachipata kukathira m'munsi mwa miyala, pamene mapazi ndi madzi anakumba nthaka mpaka mizu kuonekera. Kuchokera pachipata kukafika ku Buledi ndi mamita mazana atatu, ndipo njira yake ndi yokwera. Mawilibala analipo anayi. Imodzi inali ndi tayala lophwa, ndipo ndi imene Bryony anatenga.

Paulendo wachitatu Dominic anamupeza panjira pali awiri okha.

"Tseka pakamwa," anatero mosakweza mawu.

"Sindinanene kanthu."

"Nkhope yako ikunena. Tamvera, chemwali. Chikhomo panalibe. Sunadziwe. Choko unasesa. Tikudziwa ndife awiri basi."

"Mukanandiuza."

"Ndikanakuuza chiyani? Ine ndinali makwerero, makwerero salankhula. Si unatero iwe?"

Bryony anaika wilibala pansi.

"Ndikachitole ndikachibwezere."

"Ndi chiyani? Ndi malovu? Ndipo anthu ali pomwepo akuthira. Ukangogwada pachitsamba chija, madala aja akuona. Madzi akatayika saoleka. Iwe ukalankhula, Buledi atsekedwa lero. Mwina miyala yonse. Anthu awa akukankha mawilibala kuti atani? Ine zaka ziwiri ndikugwa pa Mpeni wa Batala, patsala dzanja limodzi kuti ndifike pamwamba. Uganize kaye."

Ananyamula wilibala yake napita.

Bryony anayenda maulendo khumi ndi anayi. Ulendo uliwonse ankadutsa pafupi ndi chitsamba chaminga chija. Mphepo ya kum'mawa sinaleke. Masamba ogwa amene m'mawa anali ofewa tsopano ankachita phokoso powaponda.

Nthawi ya chakudya, 1 koloko, anakhala payekha pachitsa ndi buledi wake wa tchizi. A Funnell anabwera akukoka mwendo nakhala pambali pake. Anatsanulira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki namupatsa.

"Imwa. Watumbuluka. Unatengeranji wilibala yophwa? Imene ija timapatsa amene wachedwa."

"Ndi imene inatsala."

"Iwe sunachedwe. Galimoto yanu ndinaipeza pachipata injini itazizira kale." Anayang'ana zala zake, zimene nsonga zake zinali zofiira. "Mwakwera chiyani m'mawa?"

Dominic anali pafupi, ndipo anayankha msanga. "Mpeni wa Batala, madala. Ndagwanso."

"Iwe udzagwa pamenepo mpaka ukwatire," anatero a Funnell. Anatembenukiranso kwa Bryony. "Ndikuuze chinthu, mwana wa Tapsell. Ndatopa. Sindikunena za bondo. Chaka chilichonse ndimaima apo n'kunena mawu omwewo, ndipo chaka chilichonse omvera amachepa pomwe okwera akuchuluka. Amabwera kuchokera kuholo ndi manja amphamvu kuposa amene ine ndinakhala nawo, koma sadziwa kuti mwala umatha. Kuholo pogwira pakasweka, munthu amabwera ndi sipanala n'kuikapo pena. Kuno kulibe sipanala. Iwe ndimakuona ukupukuta nsapato ngakhale palibe amene akukuyang'ana. Anthu oterewa ndi amene ndikufuna kudzawasiyira buku lija."

Bryony anabweza chivundikiro tiyi ali momwemo. Buledi anamubwezera m'chikwama ataluma kamodzi kokha.

4. Kuwerenga

Mayi Rosalind Hoad anafika 1:55. Anali a zaka za m'ma 50, aafupi, ovala jombo ndi jekete yobiriwira. Ananyamula fomu pakabolodi, tepi yoyezera ndi zithunzi za chaka chatha. Anapatsana moni ndi a Funnell monga anthu amene akangana zaka zambiri mpaka kuzolowerana.

"A Derek, mukadali moyo?"

"Ndikudikira kuti mupume ntchito kaye, mayi, kuti ndidzafe mumtendere."

Ntchito inaima. Anthu onse anawatsatira pambuyo. Pachigamba chilichonse mayi Hoad ankayerekeza ndi chithunzi, ankayeza m'litali ndi m'lifupi, kenako n'kulemba. Choyamba chinali bwino. Chachiwiri chinali chitakula ndi sentimita imodzi, ndipo a Funnell anagwedeza mutu ngati auzidwa za mdzukulu. Chachitatu, chachinayi, chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi zinali mmene zinalili.

Anafika pakona ya Buledi nthawi ili 2:40.

Mayi Hoad anayang'ana chithunzi, nayang'ana mwala, nayang'ananso chithunzi. Pamene panayenera kukhala chobiriwira panali banga lotuwa, lozungulira ngati mbale.

A Funnell anayandikira, nakweza mutu. Anayang'ana kakhondeko nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pansi, pamene panali pataphimbidwa kale ndi tizidutswa ta mitengo tatsopano.

"Choko palibe," anatero mayi Hoad. "Mikwingwirima ya burashi palibe. A Derek, pali njira pamenepa?"

"M'buku mulibe."

"Ndiye mwina ndi mvula. Zinachitikapo m'chaka cha 2001, theka la chigamba chachitatu linalemera ndi madzi n'kusendeka lokha." Anapuma mozama. "Chimene chikundiwawa n'chakuti banga ili ndi latsopano. Chikanakhala kuti chagwa lero kapena dzulo, n'kuchipeza, tikanayesa kuchibwezera. Nthawi zina chimagwira. Koma chikachoka pamwala, mphepo youma ngati iyi siichedwa kuchipha. Alipo anaona kanthu pansi apa musanathire?"

Anthu anayang'anana napukusa mitu. Dominic anagwira mkono wa jekete ya mchemwali wake, kumbuyo, posaoneka.

Mayi Hoad anatsegula cholembera. Pafomu panali malo olembapo chifukwa chimene chigamba chatayikira. Anaika nsonga ya cholembera papepala.

"Ndilemba mvula. Mukuvomera, a Derek?"

A Funnell sanayang'ane munthu aliyense. "Ine sindinaone kanthu, mayi. Lembani zimene mukuona."

"Si mvula."

Mawuwo anatuluka otsika kwambiri moti mayi Hoad anatembenuka nafunsa kuti walankhula ndani. Bryony anachotsa dzanja la Dominic pajekete yake.

"Si mvula, mayi. Ndine. Ndinachisenda ndi chala m'mawa uno, cha m'ma 8 koloko. Ndimayesa ndere. Chili apo, pansi pa chitsamba."

Munthu wina kumbuyo anatukwana motsitsa. Dominic anavula chipewa chake nachiponya pansi.

Mayi Hoad sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Pati penipeni?"

Bryony anagwada nalowa pansi pa chitsambacho. Minga inamukala m'manja ndi patsaya. Anatuluka atanyamula chigambacho ndi manja awiri. Chinali chitagwa chafufumimba, mbali ya masamba ili pansi panthaka yonyowa. M'mphepete monse munali mutauma n'kuda, timasamba titapiringizika. Pakati panali pakadali pobiriwira.

"Maola asanu ndi limodzi ndi theka," anatero mayi Hoad akuyang'ana wotchi. "Ukananena 10 koloko tikanapulumutsa chonse. Ukanadikira mawa sitikanapulumutsa kanthu. Wina athamange akatunge madzi amvula mumgolo wa kukanyumba kaja. Osati a m'botolo, amvula."

5. Chingwe

Anagwira ntchitoyo kwa mphindi makumi anayi. Mayi Hoad anaima pamakwerero, nanyowetsa mwala, nayalapo chigambacho mmene chinalili pachithunzi. Anachiphimba ndi kaukonde kofewa kamene anakagwiriza ndi timitengo totsamira pansi, kuti pasakhomedwe kanthu pamwala. Bryony ankagwira makwerero ndi kupereka madzi.

Atatsika, mayi Hoad anatenga fomu ija. Analemba mawu atatu ndipo anawawerenga mokweza kuti onse amve.

"Dzanja la wokwera."

Anasaina, napereka cholembera kwa a Funnell. Iwo anasainanso.

"Pangano mukulidziwa, a Derek."

"Ndinalilemba nanu, mayi."

A Funnell anapita kukanyumba kaja nabwerako ndi chingwe chabuluu ndi zikhomo. Anakana kuthandizidwa. Anazungulira Buledi yense akukoka mwendo, akukhoma chikhomo pamapazi asanu aliwonse. Chingwe chinadutsa pansi pa njira zonse khumi ndi zinayi. Chinadutsanso pansi pa Mpeni wa Batala, pamene tizidutswa tatsopano tinali titangothiridwa kumene.

Dominic anatola chipewa chake nachikung'untha.

"Wakhutira?" anafunsa mchemwali wake. "Njira khumi ndi zinayi chifukwa cha kaudzu kokwana mbale. Undipeza kugalimoto. Ukachedwa ukwera basi."

Anthu ena anabweza mawilibala mwakachetechete. Mayi wina, amene wakhala akukwera ku Tollhurst zaka zambiri, anadutsa pafupi ndi Bryony namugwira paphewa. Mwamuna wake anadutsa osamuyang'ana.

Mayi Hoad anamupatsa botolo lopopera.

"Kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, mpaka mvula ibwerere. Madzi amvula okha. Ine ndili ndi nkhalango zina zinayi, sindingathe. Umakhala kutali bwanji?"

"Mamailo asanu ndi awiri. Ndili ndi njinga."

"Ndi sukulu?"

"Ndidzuka msanga."

"Sindikukulonjeza kuti chigwira. Komiti ikhala Lachinayi pa 2 Epulo, 7 koloko, muholo ya mudzi. Ndikanena zimene zachitika, zonse, kuphatikizapo kuti unanena wekha ndisanalembe. Koma voti yanga ndi imodzi mwa zisanu ndi ziwiri."

Atachoka, anatsala awiri. A Funnell anakhala pachitsa natulutsa buku la njira m'thumba la jekete. Linali lachikuto chakuda, lomangidwa ndi mphira. Analitsegula patsamba lomaliza, pamene panali mzere wa 2009.

"Unakwera?"

"Eya."

"Mpaka pamwamba?"

"Ulendo wachisanu ndi chinayi."

"Dzina?"

Bryony anazengereza. "Dzukani Achimwene."

Pakamwa pa a Funnell panagwedezeka pang'ono, koma sanaseke. Anayang'ana pakona paja, nayeza ndi maso kuchokera pansi kufika pakakhonde.

"Ndi njira yabwino. Ndinaiona m'chaka cha 1996, ndipo ndakhala ndikuiyang'ana kuyambira pamenepo. Silowa m'buku muno." Anatseka bukulo nabwezera mphira. "Ndinadziwa nditangoona banga lija. Mvula sisenda mozungulira chotero. Ndinali wokonzeka kusainira bodza, ine amene ndalalikira m'mawa uno. Kutopa kumatero."

Anatambasula dzanja, Bryony nawathandiza kuimirira.

"Pa 2 Epulo wina ayenera kuima pamaso pa anthu asanu ndi awiri aja n'kuwauza chifukwa chake asatseke Tollhurst yense. Ine ndalankhula nawo zaka 21. Mawu anga anawazolowera ngati phokoso la firiji. Ulendo uno ndikakhala kumbuyo."

"Nanga alankhula ndani?"

A Funnell anatulutsa pepala lopindidwa kanayi, lachikasu ndi ukalamba, nalipereka m'manja mwake. Linali pangano la 1994.

"Uli ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ukaliwerenge lonse, ngakhale timalemba tating'onoto."

Kuchipata hutala ya galimoto inalira kawiri. Bryony anaika pepalalo m'thumba lam'kati. Kenako anadumpha chingwe chabuluu, munthu yekhayo amene tsopano anali wololedwa kutero, nakwera makwerero ndi botolo lija m'dzanja. Hutala inaliranso, nthawi ino motalika. Iye anayamba kupopera.